ANTOINE LAVOISIER: MUNTHU AMENE ADAYEZA DZIMBIRI PA SIKELO

Chaka chatha, pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene adatumizidwa kukayesera kuphunzitsa m'masukulu a cha ku Namitete, Mpingu ndi Nsaru, tidakhala kumbuyo kwa kalasi lina la Sitandade 7 kumvetsera phunziro la dzimbiri. Mphunzitsi wake adakonzeka bwino ndithu. Adabwera ndi khasu lakale, chidutswa cha lata ndi misomali yofiira. Atafunsa ana ngati msomali wochita dzimbiri umalemera kapena umapepuka, onse adayankha pamodzi kuti umapepuka, popeza dzimbiri limadya chitsulo. Iye adavomera, nalemba yankholo pa bolodi, ndipo ana makumi asanu ndi aŵiri adakopera m'makope mwawo.

Sitidamdzudzule kwambiri mnzathuyo, pakuti aliyense amene waona chiboo pa denga la malata anganene zomwezo. Koma yankholo n'lolakwa. Tikatola tizidutswa tonse tofiira timene tayoyoka pa msomali ndi kuyeza pamodzi ndi msomaliwo, tidzapeza kuti kulemera kwaonjezeka. Funso lakuti kulemera koonjezekako kwachokera kuti lidazunguza mitu ya anthu ophunzira a ku Ulaya kwa zaka zoposa zana, ndipo amene adaliyankha mokhutiritsa ndiye munthu amene tifuna kufotokoza mbiri yake pano.

Antoine-Laurent Lavoisier adabadwa mu mzinda wa Paris pa 26 Ogasiti 1743, m'banja lopeza bwino. Bambo wake anali katswiri wa malamulo; mayi wake adamwalira iye ali ndi zaka zisanu. Adaphunzira pa Collège Mazarin, ndipo potsata mapazi a bambo wake adatsiriza maphunziro a malamulo mu 1764. Koma kubwalo la milandu sadakagwireko ntchito. Mtima wake unali pa miyala, madzi ndi mankhwala. Ankamvera maphunziro a katswiri wa kemisitiri wotchedwa Rouelle, ndipo ankayenda ndi Guettard, katswiri wa miyala, kulemba mapu osonyeza miyala ya m'dziko la France. Mu 1766 adalandira mendulo ya golide chifukwa cha zimene adalemba za njira yabwino younikira misewu ya mzinda usiku. Mu 1768, ali ndi zaka 24 zokha, adaloŵa m'bungwe la akatswiri a sayansi lotchedwa Académie des Sciences.

M'chaka chomwecho adachita chinthu china chimene chidamlemeretsa, komanso chidadzamdulitsa mutu. Adagula gawo m'kampani yotchedwa Ferme générale, imene inkasonkhetsa misonkho m'malo mwa mfumu. Kampaniyo inkapereka ndalama kwa mfumu, kenaka n'kumatolera msonkho wa mchere, wa fodya ndi wa katundu woloŵa m'mizinda, phindu lake n'kukhala la eni kampani. Anthu wamba ankadana nayo koopsa. Mu 1771 adakwatira Marie-Anne Paulze, mwana wa mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo. Mtsikanayo anali ndi zaka 13, mwamuna 28. Ukwati wotere malamulo athu a lero saulola, ndipo ana akafunsa tisazengereze kunena choncho. Marie-Anne atakula adasanduka dzanja lamanja la mwamuna wake. Adaphunzira Chingerezi kuti azimtanthauzira mabuku a akatswiri a ku Mangalande, ankalemba zotsatira za kuyesa kulikonse, ndipo zithunzi za zipangizo zimene zili m'buku lalikulu la Lavoisier adajambula ndi iye.

Tsono tiyenera kumvetsa zimene anthu ankakhulupirira nthaŵi imeneyo, ndipo tisaŵaseke. Mjeremani wina, Georg Ernst Stahl, adaphunzitsa kuti m'chinthu chilichonse choyaka muli kanthu kosaoneka kotchedwa phlogiston, kamene kamatuluka chinthucho chikamapsa. Chipika cholemera chikapsa pamatsala phulusa lodzaza manja aŵiri okha: kodi sizoonekeratu kuti china chake chachokamo? Chitsulo chikatenthedwa pamtetete chimasanduka fumbi longa phulusa, ndipo iwo ankati nachonso chataya phlogiston. Nanga fumbilo ukalisakaniza ndi makala ndi kulitentha, bwanji limabwereranso kukhala chitsulo? Iwo ankati makala ali ndi phlogiston wambiri, ndiye abwezera chitsulo chimene chidataya. Maganizo ameneŵa adali omveka, ndipo adafotokoza zinthu zambiri. Akadaŵauza makolo athu amene ankathira nthale ndi makala m'ng'anjo, zonga zija zotsalira zake zimaonekabe m'nkhalango ya Kasungu, mwina akadagwedeza mitu kuvomereza.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkakana kuloŵa m'khola. Fumbi la chitsulo chotenthedwa limalemera kuposa chitsulo chimene lachokerako. Sing'anga wina wa ku France, Jean Rey, adalemba zimenezi za tini ndi mtovu kale mu 1630. Robert Boyle adaziona nayenso, nati tinthu ta moto taloŵa m'chitsulo kupyolera m'galasi. Ena mpaka adafika ponena kuti phlogiston amapepuza zinthu, kotero kuti akatuluka chinthu chimalemera. Munthu akakonda maganizo ake amaŵasokera zigamba zambiri.

Chida cha Lavoisier chinali sikelo. Poti anali wosunga mabuku a ndalama, adazoloŵera kuti zoloŵa ndi zotuluka ziyenera kufanana, ndipo chizoloŵezi chimenechi adapita nacho m'chipinda choyeseramo. Mu 1772 adatentha fosiforasi ndi sulufule, napeza kuti zonse ziŵiri zimalemera zikapsa, ndiponso kuti zimamwa mpweya wambiri. Adaganiza kuti zitsulo nazonso zimachita chimodzimodzi. Poopa kuti wina angamtsogolere, adalemba maganizo akewo m'kalata yomata, naipereka kwa mlembi wa Académie pa 1 Novembala 1772.

Mu 1774 adachita kuyesa kumene mphunzitsi aliyense ayenera kukudziŵa bwino. Adaika tini woyezedwa m'botolo lagalasi, natseka kukamwa kwake posungunula galasilo kuti mpweya usaloŵe kapena kutuluka. Adayeza botolo lonse, nalitentha kufikira gawo lina la tini litasanduka fumbi, nayezanso. Kulemera sikudasinthe. Apa maganizo a Boyle adagwa, pakuti tinthu ta moto tikadaloŵa, botolo likadalemera. Kenaka adaswa kukamwa kwa botolo, ndipo mpweya wakunja udamveka ukuloŵa mothamanga. Atayeza kachitatu, botolo lidalemera, ndipo kulemera koonjezekako kudafanana pafupifupi ndi kumene tini adaonjezera. Tanthauzo lake lidali limodzi: tini adatenga gawo lina la mpweya wa m'botolo, nasiya malo amene mpweya wakunja udadzadzaza. Taonani kuti sadayeze kamodzi kokha, ndipo kuyeza kulikonse kudali kuyankha funso lakelake.

Koma gawo lake liti la mpweya? Apa mpamene mbiri ya Lavoisier ili ndi banga. Pa 1 Ogasiti 1774 mbusa wina wa ku Mangalande, Joseph Priestley, adatentha fumbi lofiira la mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chinkaikidwa m'zoyezera kutentha kwa thupi, pogwiritsa ntchito galasi losonkhanitsa kuŵala kwa dzuŵa. Mudatuluka mpweya umene kandulo inkayakamo moŵala kwambiri. Mu Okutobala chaka chomwecho Priestley adafika ku Paris, nadya chakudya kwa Lavoisier, nafotokoza zimene adaona. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden, amene adaupeza mpweya womwewo payekha, adamlemberanso kalata mu Seputembala. Pamene Lavoisier adaŵerenga zotsatira zake pamaso pa Académie mu Epulo 1775, sadatchule aliyense wa aŵiriwo. Ife tiona kuti adalakwa. Komabe chilungamo chifuna kuti tinenenso kuti Priestley adamwalira mu 1804 akukhulupirirabe phlogiston. Iye adaupeza mpweyawo, koma amene adazindikira chimene uli anali Lavoisier.

Umboni wake womaliza adaupeza ndi mercury yemweyo. Adaika maaunsi 4 a mercury m'botolo la khosi lalitali lopindika, khosilo likuthera m'mtsuko wagalasi wovundikira mpweya wa muyeso wodziŵika. Adasonkhezera moto usana ndi usiku masiku 12. Kuyambira tsiku lachiŵiri timadontho tofiira tidayamba kuyandama pamwamba pa mercury, tinka tichuluka, kenaka tidaleka. Mpweya udachepa kuchoka pa miyeso 50 kufika pa 42 kapena 43. Mu mpweya wotsalawo kandulo inkazima, ndipo kanyama sikankatha kupumamo. Atatola fumbi lofiira lija ndi kulitentha pa moto waukali kuposa woyamba, lidabweza mercury wonyezimira ndi miyeso 7 kapena 8 ya mpweya, womwe uja udasoŵa. Atausakaniza ndi wotsala uja, padakhalanso mpweya wamba umene timapuma. Adauphwasula mpweya, naumanganso. Gawo limene zitsulo zimamwa adalitcha oxygène, ndiwo okosijeni wathu. Lero tidziŵa kuti pa magawo 100 a mpweya, pafupifupi 21 ndi okosijeni. Mercury wake sadathe kumwa wonse.

Kuyesa kumeneku tingathe kukuchita ku Kabudula kapena ku Nambuma popanda mercury, amene ndi poizoni ndipo sayenera kufika m'manja mwa ana. Tengani waya wofeŵa uja wotsukira mapoto, mumtsuke m'viniga pang'ono kuti mafuta achoke, mumkanikizire pansi pa botolo loonekera mkati, ndipo botololo mulizondotse m'beseni la madzi. Ikani chizindikiro pamene madzi alekeza. Pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri waya adzakhala atafiira, ndipo madzi adzakhala atakwera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a botolo. Za kulemera, pachikani tizivundikiro tiŵiri ta zitini ku nsonga za rula yolendeŵera pa ulusi, muike waya wouma wofanana mbali zonse ziŵiri, ndipo muyatse wa mbali imodzi. Chitani zimenezi panja, kutali ndi udzu, pamalo opanda mphepo. Mbali yopsayo idzatsika. Musaŵauze ana zimene zidzachitike. Alembe kaye zimene akuyembekeza, kenaka aone.

Tifike tsopano pa ntchito imene mabuku a sukulu saitchula kaŵirikaŵiri, chonsecho ndiyo idayambitsa nthambi yonse ya sayansi yoyeza kutentha kotuluka zinthu zikamasandulika. Kuyambira mu 1776 Lavoisier ankakhala ku Arsenal, nyumba yosungiramo zida ku Paris, monga mmodzi wa oyang'anira kapangidwe ka wonga wa mfuti. Kumeneko adamanga chipinda chake choyeseramo ndi ndalama za m'thumba mwake. Usana ankagwira ntchito za boma ndi za msonkho. Sayansi ankaipatsa m'mamaŵa, madzulo, ndi tsiku limodzi lathunthu pa mlungu. M'nyengo yozizira ya 1782 mpaka 1783, iye ndi katswiri wa masamu Pierre-Simon Laplace adapanga chipangizo chimene pambuyo pake chidatchedwa calorimeter.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Yerekezani zidebe zitatu, china mkati mwa chinzake. M'chidebe chamkati muikamo chinthu chimene mufuna kuyeza kutentha kwake. Pakati pa chamkati ndi chachiŵiri mudzazamo madzi oundana, onga matalala. Pakati pa chachiŵiri ndi chakunja mudzazamonso madzi oundana, koma aŵa ntchito yawo n'kutchinga kutentha kwa m'chipinda kuti kusafike mkati. Madzi amene asungunuka m'kati mwenimweni atsikira m'kapu kudzera pa kampopi, ndipo muŵayeza pa sikelo. Joseph Black wa ku Scotland adali atasonyeza kale kuti paundi iliyonse ya madzi oundana imafuna kutentha kwa muyeso umodzimodzi kuti isungunuke. Choncho kulemera kwa madzi a m'kapu ndiwo muyeso wa kutentha. Munthu wa sikelo uja adapeza njira yoikira ngakhale moto pa sikelo.

Adapeza kuti paundi imodzi ya makala ikapsa imasungunula mapaundi 96 ndi theka a madzi oundana. Zipangizo za lero zimapereka pafupifupi 98 pa makala angwiro; choncho sadaphonye patali. Adaikamonso mbira, zonga zimene timaŵeta m'makhitchini muno, ndipo m'maora 10 kutentha kwa thupi lake kudasungunula maaunsi 13. Atayerekeza ndi mpweya woipa umene mbirayo inkatulutsa popuma, adaona kuti kupuma ndiko kuyaka kwa pang'onopang'ono, ndipo kuti chakudya m'thupi chili ngati makala pa mbaula. Adakhazikitsanso lamulo lakuti kutentha kumene kumatuluka zinthu ziŵiri zikamaphatikana n'kofanana ndi kumene kumafunika kuti zilekanitsidwenso. Germain Hess, wa ku St Petersburg, adalikuza lamulo limeneli mu 1840.

Tiyeni tilitengere lamuloli ku khasu la m'kalasi muja. Kilogalamu imodzi ya chitsulo ikaphatikana yonse ndi okosijeni imapereka makilogalamu 1.43 a fumbi lofiira, ndipo imatulutsa kutentha kwa pafupifupi ma kilojoule 7,400, kokwanira kuŵiritsa ndowa ya malita 20 a madzi. Khasu losiyidwa kuseri kwa nkhokwe likupsa ndithu, koma moto wake wagaŵidwa pa zaka zambiri, ndiye dzanja silikumva. Kulungani waya wonyowa ndi viniga uja pa choyezera kutentha, muike m'kapu yovundikira, ndipo m'mphindi zoŵerengeka ana adzaona muyeso ukukwera. Wosula akamamenya chitsulo chofiira pa chipala, mamba akuda amene amathothoka nawonso ndi chitsulo chophatikana ndi okosijeni. Ndipo dothi la katondo la m'chigwa chathu cha Lilongwe n'lofiira chifukwa cha chitsulo chimene chidaphatikana ndi okosijeni kalekale.

Tikatembenuza lamulolo tipeza ng'anjo. Nthale ndi chitsulo chimene chidatulutsa kale kutentha kwake. Wofuna kuchiombola ayenera kubweza ngongole yonseyo. N'chifukwa chake osungunula ankatentha mitengo yambiri kupanga makala. Makalawo ankagwira ntchito ziŵiri: kupereka kutentha, ndi kulanda okosijeni m'nthale, pakuti pa moto waukali makala amagwira okosijeni molimba kuposa chitsulo. Stahl adati makala amapatsa. Lavoisier adasonyeza kuti amalanda. Ndipo zitsulo zimasiyana pa kagwiridwe kake. Golide safuna okosijeni konse, ndiye sachita dzimbiri. Mercury amaugwira mofooka, kotero kuti moto wokha umamlanditsa, ndipo mwayi wa Lavoisier udagona pamenepo. Aluminiyamu amaugwira molimba zedi, kotero kuti dothi lokhala ndi aluminiyamu, longa limene lili pamwamba pa phiri la Mulanje, silingasungunulidwe m'ng'anjo ya makala. Njira yake ya magetsi idapezeka mu 1886. Mwana wochenjera adzafunsa kuti nanga bwanji poto wa aluminiyamu sachita dzimbiri. Yankho n'lakuti amachita msangamsanga, koma kakhungu kake n'kopyapyala ndi kolimba, kamamatirira ndi kutsekereza mpweya, pamene dzimbiri la chitsulo limafufuma ndi kuyoyoka, n'kusiya chitsulo chatsopano pamtunda. Ngakhale kumwamba zimenezi zikuchitika. Nyenyezi zothothoka zimene timaona usiku ndi timiyala tochokera kunja kwa dziko, ndipo tikapsa timasiya nthunzi ya chitsulo ndi zitsulo zina pa mtunda wa makilomita 80 mpaka 100, kumene imaphatikana ndi mpweya.

Zaka zotsatira zidali za kukolola. Mu 1783 adasonyeza kuti madzi ndi mipweya iŵiri yophatikana, potsata ntchito ya Henry Cavendish. Mu 1787, pamodzi ndi Guyton de Morveau, Berthollet ndi Fourcroy, adakonza maina atsopano a mankhwala, kuti dzina lizinena zimene zili m'chinthucho. Mu 1789 adasindikiza buku lake lalikulu, Traité élémentaire de chimie, m'mene adandandalika zinthu 33 zimene adaziyesa zosagaŵika. Nayenso adaphonya. Adaika kuŵala ndi kutentha pa mndandandawo, pakuti ankaganiza kuti kutentha ndi kanthu kopanda kulemera koyenda ngati madzi. Dzina lakuti oxygène litanthauza chopanga asidi, popeza ankakhulupirira kuti asidi aliyense ali ndi okosijeni. Humphry Davy adatsutsa zimenezi mu 1810. Dzina lolakwikalo tikuligwiritsabe ntchito, ndipo n'kwabwino kuti ana adziŵe kuti nalonso lili ndi mbiri.

Chaka chomwecho cha 1789 anthu a ku France adaukira ulamuliro wa mfumu. Lavoisier sadali mdani wa kusintha. Adayesa njira zatsopano za ulimi pa munda wake wa ku Fréchines, adathandiza kukonza miyeso ya mita ndi kilogalamu imene tiphunzitsa lero m'masamu, ndipo mu 1793 adalemba maganizo ake a momwe boma lingaphunzitsire ana onse. Koma anthu a mu Paris ankakumbukira china. Ankakumbukira linga limene Ferme générale idamanga kuzungulira mzinda wawo kuyambira mu 1784 kuti katundu asaloŵe mozemba msonkho, ndipo ankadziŵa kuti Lavoisier adali mmodzi wa olimbikitsa lingalo. Mtolankhani Jean-Paul Marat adamnyoza poyera mu 1791. Kampani ya msonkho idathetsedwa chaka chomwecho, Académie idatsekedwa mu Ogasiti 1793, ndipo mu Novembala boma lidalamula kuti onse amene adali eni kampani ija amangidwe. Lavoisier adabisala masiku oŵerengeka, kenaka adakadzipereka yekha.

Milandu yawo inali ya kubera boma ndalama ndi kuthira madzi m'fodya kuti alemere. Alimi a fodya a ku Nsaru ndi Kabudula angamvetse msanga kukula kwa mlandu wachiŵiriwu. Mlandu udazengedwa m'maŵa wa pa 8 Meyi 1794, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anthu 28 adadulidwa mitu. Mpongozi wake, Jacques Paulze, adali wachitatu pa mzere, Lavoisier wachinayi. Anali ndi zaka 50.

Marie-Anne adataya bambo ndi mwamuna tsiku limodzi, nalandidwa chuma chonse, nakhalanso m'ndende kanthaŵi. Zinthu zitazizira, boma lidambwezera mabuku ndi zipangizo za mwamuna wake, ndipo iye adasonkhanitsa zolemba zimene malemuyo adasiya zosatsiriza, nazigaŵa kwa akatswiri. Mu 1805 adakwatiwanso ndi Benjamin Thompson, wodziŵika ndi dzina lakuti Count Rumford, yemwe mu 1798, poona kutentha kosatha kumene kunkatuluka pobowola mizinga ku Munich, adatsutsa maganizo a Lavoisier akuti kutentha ndi kanthu kosungidwa m'zinthu. Ukwatiwo sudakhalitse. Marie-Anne adamwalira mu 1836, ndipo dzina la Lavoisier sadalisiye mpaka imfa yake. Masikelo a mwamuna wake ndi chidebe chija cha madzi oundana zikusungidwa ku Musée des Arts et Métiers mu Paris.